KUSANKHA ZOMANGIRA MAKOMA NDI DENGA LA NYUMBA

Miyezi ya June, July ndi August ndiyo nyengo imene anthu a m'midzi amaganiza za kumanga. Chimanga chiri m'nkhokwe, fodya ndi mtedza zagulitsidwa, udzu wakhwima m'madambo, ndipo mvula ikali kutali. Munthu woyenda pa mseu wa ku Mchinji kapena wa ku Dedza nyengo imeneyi aona zikombole m'midzi yambiri, ndiponso mauvuni a njerwa akufuka utsi usana ndi usiku. Kufuna nyumba yabwino nkoyamikika. Koma asanakumbe maziko mwini nyumba ayenera kulingalira bwino kumene zomangira zache zidzachokera, ndiponso ngati ana ache adzapeza zomwezo pamene nthawi yao yomanga idzafika.

Pa kalembera wa chaka cha 1966 m'dziko la Malawi munali anthu 4 miliyoni ndi pang'ono. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 17 miliyoni ndi theka. Dziko silinakule iai, koma banja liri lonse lifuna nyumba, khichini, nkhokwe, chimbudzi ndi khola, ndipo zonsezi zimadya mitengo. Kale munthu ankatuluka ndi nkhwangwa m'mawa nabwerera ndi nsichi dzuwa lisanafike pamutu. Lero m'maboma ambiri mtengo wa phaso ngogula.

Njerwa zootcha

Njerwa zootcha zinafala m'dziko muno ndi amishoni. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, ndipo chikali chiimire. Chifukwa cha nyumba zotere anthu anayamba kuona njerwa yootcha ngati chizindikiro cha munthu wotsogola, ndipo ndi zoona kuti njerwa yopsa bwino siopa mvula.

Vuto lache liri pa nkhuni. Uvuni sufuna tinthambi iai, ufuna zipika zikulu-zikulu za mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku, chifukwa ndizo zisunga moto masiku angapo osazima. Mitengo yotere imatenga zaka makumi angapo kuti ikule, koma imatha m'sabata imodzi. Ndipo uvuni wa kumudzi umataya moto wambiri pachabe. Njerwa za pafupi ndi moto zimapserera ndi kupindika, za kunja zimatuluka zosapsa, zoti munthu angathe kuzinyenya ndi chala, kotero kuti gawo lalikulu la njerwa zoumbidwa silifika pa khoma. Maenje otsala pamene anakumba dothi amadzala madzi m'dzinja. Udzudzu umaswana m'menemo, ndipo ana ang'ono amagweramo.

M'chaka cha 2018 Boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nchito zomanga za Boma ndi za malonda, monga masukulu, zipatala ndi maofesi. Malamulowo anaikidwa poona kutha kwa nkhalango. Munthu womanga nyumba yogona ya banja lache kumudzi achita bwino kufunsa yekha chifukwa chimene Boma linachitira zimenezi, pakuti phiri limene likutha mitengo ndi lomwe lija mkazi wache amatolako nkhuni, ndi mtsinje umene ukuphwa ndi womwe ng'ombe zache zimamwako.

Amene aumirirabe kuotcha njerwa ayese kugwirizana ndi anansi ache kuti aotche uvuni umodzi waukulu m'malo mwa tating'ono tambiri, aumitse njerwa bwino-bwino asanazipange, ndipo amate kunja kwa uvuni ndi matope okwanira kuti moto usathawe. Kumene amalima mpunga, mankhusu ache angathandize pa moto, chimodzi-modzi utuchi wa kumene amacheka matabwa.

Dothi losaotcha

Anthu ambiri amanyoza nyumba ya dothi, namati nja amphawi. Maganizo amenewa ngolakwa. Mu mzinda wa Djenné m'dziko la Mali muli mzikiti waukulu wa njerwa zosaotcha umene unamangidwa m'chaka cha 1907, ndipo ukali wolimba chifukwa chaka ndi chaka anthu a mu mzindawo amasonkhana kuumata. Kuno kwathu, maka-maka m'chigawo chapakati, nyumba za mdindo zomangidwa mosamala zakhala zaka zambiri. Khoma la dothi lonenepa limachedwa kutentha masana ndipo limachedwa kuzizira usiku. Chifukwa chache m'nyumba yotere mumakhala mozizira mu October ndi mofunda mu June. Silifuna nkhuni, silifuna galimoto yolitengera, ndipo nyumbayo ikadzatha dothi lache limabwerera m'munda.

Njira ziripo ziwiri. Pa mdindo amisiri amaika matabwa awiri moyang'anana, nathira dothi lonyowa pang'ono pakati pache, nalisinja ndi mtengo mpaka litalimba, kenaka nasuntha chikombolecho. Pa zidina amaumba njerwa ndi matope naziumitsa padzuwa. Nyumba zimene zimagwa msanga kawiri-kawiri zimagwa chifukwa cha dothi losayenera, ndipo apa mpofunika kufotokoza bwino.

Dothi la pamwamba, lakuda, la mizu ndi zinyalala, ndi la chimanga. Pomanga lichotsedwe liikidwe pambali. Makande a kudambo ali ndi dongo lambiri, amatupa akanyowa ndipo amang'aluka akauma. Dothi la mchenga wokha-wokha silimatana. Lofunika ndi la pakati, la mchenga wambiri ndi dongo longokwanira kuugwirizanitsa, monga katondo wa m'malo ambiri. Kuliyesa nkosavuta ndipo mphunzitsi angathe kuonetsa ana a sukulu. Atenge botolo loonekera m'kati, athiremo dothi kufikira gawo limodzi mwa magawo atatu, adzazemo madzi, aikemo mchere pang'ono, aligwedeze kwambiri, naliika pamalo pabata kufikira mawa. Mchenga udzakhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba. Ngati dongo liri ngati gawo limodzi mwa magawo anai kapena asanu a dothi lonselo, ndiye kuti nlabwino. Likachuluka kuposa apo athiremo mchenga. Likachepa asakanize ndi dothi la pachulu.

Kuyesa kwina nkwa manja. Munthu akande dothi lonyowa, aliviringe ngati chingwe chonenepa monga chala chachikulu, nalikankhe pang'ono-pang'ono kupyola m'mphepete mwa chikhatho. Likaduka lisanafike mainchi awiri, mchenga wachuluka. Likalendewera kupitirira mainchi asanu ndi limodzi osaduka, dongo lachuluka. Koma kuyesa kopambana konse ndi kuumba zidina zisanu kapena khumi, kuziumitsa sabata ziwiri, ndi kuziona ngati zang'aluka. Chidina chabwino munthu wamkulu angathe kuchiponda chitasanjikidwa pa zinzache ziwiri osathyoka. Udzu wodula-dula wosakaniza m'matope umachepetsa ming'alu, ndipo masiku oyamba zidina ziphimbidwe ndi udzu kuti dzuwa lisaziumitse mofulumira.

Pa mdindo cholakwa chachikulu ndi madzi ambiri ndi changu. Dothi likhale lonyowa pang'ono chabe, loti munthu akalifumbata ligwirane, koma akaligwetsa pansi limwazike. Athire pang'ono, mainchi anai kapena asanu, asinje mpaka mtengo uleke kusiya chizindikiro, ndipo pokhapo athirenso lina. Mmisiri wolipidwa pa nyumba osati pa tsiku amakonda kuthira lambiri nthawi imodzi, ndipo khoma lotere limaoneka bwino kunja koma m'kati liri lofumbutuka. Mwini nyumba azikhala pomwepo.

Mdani wa khoma la dothi ndi madzi, ochokera pansi ndi ochokera kumwamba. Maziko akhale a miyala, kapena a njerwa zootcha zochepa, kapena a mabuloko a simenti, ndipo akwere phazi limodzi kapena kuposa pamwamba pa nthaka. Pamwamba pa mazikowo ayale pepala lakuda la pulasitiki khoma lisanayambe, kuti chinyontho chisakwere. Denga lituluke kunja mapazi awiri kapena atatu mbali zonse, ndipo khonde lozungulira nyumba, limene makolo ankamanga, nchito yache inali yomweyo. Pozungulira nyumba pakhale ngalande yotaya madzi kutali.

Ena akapeza ndalama amapaka pulasitala wa simenti pa khoma la dothi. Simenti ndi dothi sizigwirizana bwino. Patapita nthawi pulasitala amafufuma nagwa zibenthu, ndipo madzi olowa kumbuyo kwache satulukanso. Kumata ndi dothi losakaniza mchenga ndi ndowe, ndi kupaka njereza pamwamba, kumathandiza koposa ndipo nkotsika mtengo. Ming'alu imatidwe chaka chiri chonse mvula isanayambe, pakuti m'ming'alu ndimo mubisala nsikidzi ndi nkhufi.

Njerwa za makina ndi mabuloko

Pakati pa chidina ndi njerwa yootcha pali njerwa ya dothi losakaniza simenti pang'ono, yotsindiridwa ndi makina a manja. Makina otere anakonzedwa mu mzinda wa Bogotá m'dziko la Colombia m'zaka za m'ma 1950, ndipo tsopano ofanana nao amapezeka m'maiko ambiri a mu Africa. M'Malawi masukulu ena amangidwa ndi njerwa zimenezi. Dothi lisefedwe, lisakanizidwe ndi simenti, muyeso umodzi wa simenti pa miyeso 12 kufikira 18 ya dothi monga mwa mtundu wa dothilo, linyowetsedwe pang'ono, ndipo litsindiridwe. Njerwazo siziumitsidwa padzuwa iai. Ziunjikidwe pamthunzi, ziphimbidwe, zithiridwe madzi tsiku ndi tsiku sabata yoyamba, ndipo zidikire masiku 28 zisanapite pa khoma, chifukwa simenti imalimba ndi chinyontho. Popeza zimatuluka zofanana ndi zosalala, matope omangira amalowa ochepa ndipo khoma lingakhale lopanda pulasitala. Munthu mmodzi sangagule makina chifukwa cha nyumba imodzi, koma mudzi, mpingo kapena kalabu ya alimi ingathe kugula ndi kumabwereketsa.

Mabuloko a simenti ndi mchenga ngolimba ngati aumbidwa moona mtima, koma ogulitsa ena amachepetsa simenti kuti thumba limodzi litulutse mabuloko ambiri. Buloko loti ngodya yache inyenyeka ndi chikhadabo lisagulidwe. Ndipo nayo simenti iri ndi mtengo wache pa dziko: miyala ya laimu, monga imene amakumba ku Kasungu ndi ku Mangochi, imaotchedwa pa moto wa madigiri pafupi-fupi 1,450, ndipo utsi wache uli m'gulu la mipweya imene ikutenthetsa dziko lapansi. Mchenga wokumbidwa mosasamala umagumula magombe a mitsinje. Choncho simenti igwire nchito pamene ifunikadi, pa maziko, pamwamba pa zitseko ndi mazenera, ndi pa lamba wa pamwamba pa khoma.

Zimene zivomezi ndi madzi zinaphunzitsa

Mu December 2009 zivomezi zinagwedeza boma la Karonga ndipo nyumba zambiri zinagwa kapena kung'aluka. Pakati pa zogwazo panali zambiri za njerwa zootcha. Njerwa yokha siilimbitsa nyumba. Khoma la njerwa imodzi, la mainchi anai ndi theka, lomangidwa ndi matope, lalitali ndi lopanda chomangirira ngodya zache, ndi lofooka kuposa khoma la mdindo la phazi limodzi. Dziko la Malawi liri m'chigwa chachikulu chimene chimagwedezeka nthawi ndi nthawi. Ku Salima kunachitikanso chivomezi mu March 1989. Chifukwa chache makoma a kunja akhale a mainchi asanu ndi anai ngati ndi a njerwa, njerwa zilumane bwino pa ngodya, zitseko ndi mazenera zisayandikire ngodya kuposa mapazi awiri, ndipo pamwamba pa makoma onse pazungulire lamba mmodzi wosaduka, wa konkire ya zitsulo kapena wa matabwa olumikizidwa bwino. Khoma lalitali lopanda chipinda chodutsa pakati lifuna mzati wolichirikiza.

Madzi osefukira a mu January 2015 ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, anaonetsa mbali ina. Kumene madzi amaima masiku angapo, khoma la dothi limasungunuka kuyambira pansi. M'malo otere dothi losaotcha lisakhudze pansi konse. Maziko akwezedwe kupitirira pamene madzi anafika chaka choipa, ndipo akhale a miyala kapena a simenti. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, matope ndi miyala zinatsika kuphiri ndi kukokolola nyumba za mitundu yonse, za zidina ndi za njerwa zomwe. Palibe chomangira chimene chingapulumutse nyumba yomangidwa m'njira ya madzi kapena pansi pa phiri lometedwa mitengo.

Mitengo ya denga

Mkungudza wa pa phiri la Mulanje unali mtengo wopambana wa denga chifukwa chiswe sichiudya. Anaudula mpaka pofika chaka cha 2017 mitengo ikulu-ikulu yotsala inali yowerengeka ndi zala. Mlombwa, mbawa ndi muwanga zikutsata njira yomweyo. Mitengo yotere njoyenera chitseko kapena mpando umene udzakhala zaka makumi ambiri, osati phaso.

Mapaso achokere ku mitengo yobzala. Bulugamu amapereka mapaso pa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo akadulidwa amaphukanso pachitsa. Koma amamwa madzi ambiri, choncho asabzalidwe pafupi ndi chitsime, dambo kapena mtsinje. Nsungwi zimakula msanga koposa ndipo phata limodzi limapereka chaka ndi chaka. Anthu amadandaula kuti nsungwi zimafumbwa. Zimatero zikadulidwa zanthete, chifukwa m'kati mwache muli zotsekemera zimene tizirombo timafuna. Zidulidwe zokhwima, za zaka zitatu kapena zinai, m'chirimwe, ziviikidwe m'madzi sabata zitatu kapena zinai, ndipo ziumitsidwe pamthunzi. Mtengo uli wonse wa denga usendedwe makungwa ndi kuuma usanakwere. Nsichi zolowa pansi ziwaulidwe pa moto kunsi kwache, ndipo mwini nyumba aziyendera makoma kugumula tinjira ta chiswe tisanafike kudenga.

Luzi nalonso limatha mitengo, pakuti mombo wosendedwa mozungulira umauma. Khonje wobzalidwa m'malire a munda amapereka chingwe chokwanira ndipo amatchinganso mbuzi.

Udzu kapena malata

Denga la udzu ndi lozizira, silichita phokoso pa mvula, ndipo udzu umamera wokha chaka chiri chonse ngati osaka mbewa sautentha. Mafumu amene amaletsa moto wa kutchire kufikira anthu atamweta amasungira anthu ao chuma chenicheni. Kudontha kwa madenga ambiri kumachokera ku mafoleredwe. Denga logona limasunga madzi ndipo udzu umaola. Liyenera kutsetsereka kwambiri: msonga yache italike pamwamba pa khoma monga theka la kufupika kwa nyumba, kotero kuti nyumba ya mapazi 14 m'lifupi ikhale ndi msonga ya mapazi 7. Udzu umwetedwe utakhwima ndi kuuma, upesedwe kuchotsa masamba ndi zinyalala, umangidwe timitolo, ndipo ufoleredwe kuyambira m'munsi kunka kumwamba, mzere uli wonse kuphimba unzache, monenepa mainchi asanu ndi limodzi kapena kuposa. Denga la udzu wongomwaza lifuna kukonza chaka ndi chaka, koma lopesa ndi kusoka bwino limakhala zaka khumi ndi kuposa, monga aonera pa nyumba zogona alendo za m'mbali mwa nyanja. Pulasitiki woyala pansi pa udzu amathandiza chaka choyamba, koma amasunga chinyontho ndipo amabisa pamene paola. Choopsya cha udzu ndi moto. Khichini ikhale payokha, kutali pang'ono ndi nyumba yogona.

Malata ali ndi ubwino wache wosakanika. Amakhala zaka zambiri, sapsa, safuna mapaso ochuluka, ndipo madzi a padenga angakololedwe m'mgolo kapena m'thanki. Koma chitsulo chache chimachokera kunja kwa dziko ndipo mtengo wache umakwera ndi ndalama zakunja. Pogula munthu adziwe kuti nambala ya geji ikakula ndiye kuti lata ndi lopyapyala: la geji 28 ndi lolimba kuposa la geji 32, limene limachita dzimbiri msanga ndi kung'ambika pa misomali. Kutentha ndi phokoso zimachepa poika siling'i ya mphasa, bango kapena nsungwi zoluka. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande yache.

Chaka chiri chonse mvula yoyamba ya mkuntho imasasula madenga a nyumba ndi a masukulu. Kusanjika miyala ndi njerwa pamwamba pa malata sikuteteza, ndipo miyalayo imavulaza anthu denga likauluka. Mitanda imangiriridwe ku khoma ndi waya wonenepa wolowa mizere inai kapena isanu ya njerwa pansi pa lamba, ndipo phaso liri lonse limangidwe ku mtanda. Denga la mbali zinai limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Denga la khonde likhale lapadera, kuti mphepo ikalinyamula isatenge ndi la nyumba lomwe.

Pa nyumba zina zakale za Boma ndi za m'maesiteti pakali madenga otuwa a asibesitosi. Fumbi lache likalowa m'mapapo limadwalitsa matenda osachiritsika patapita zaka zambiri. Zidutswa zache zisachekedwe, zisaphwanyidwe, ndipo zisatoledwe kukafolera khichini kapena khola.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene omanga amaiwala. Mpata wotsala pakati pa khoma ndi denga ndiwo khomo lalikulu la udzudzu wa malungo usiku. Mpatawo utsekedwe ndi njerwa kapena matope, ndipo mphepo ilowere pa mazenera otchingidwa ndi sefa wa waya. Kutero sikulowa m'malo mwa kugona m'masikito.

Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba mu December ndi kutha mu April. Munthu amene akuganiza zomangira mwana wache nyumba zaka zisanu zikudzazi angayambe ndi mzere wa bulugamu kumtunda kwa munda, mapata atatu kapena anai a nsungwi m'mbali mwa khwawa, ndi khonje m'malire. Alangizi a za nkhalango m'boma liri lonse angamuuze kumene mbande zipezeka ndi mitundu yoyenera nthaka ya kwao, ndipo mbeu zofesa m'machubu ziyenera kulowa mu August kapena September kuti mbande zidzakhale zokonzeka mvula ikadzakhazikika.